Snowblower ikutsekeka, bambo a kunyumba akupisamo dzanja. Ndithandizeni

NaPhiri_SB
Abale anga, mwaswera bwanji nonse? Kuno ku South Bend sinowo wagwa si masewera. Anayamba dzulo madzulo, mpaka pano sanaleke, ndipo akuti usiku uno awonjezera. Ndi wonyowa uja, wolemera, womata pa fosholo. Bambo a kunyumba anagula snowblower (makina ochotsera sinowo) yakale kwa munthu wina chilimwe chathachi, ndipo aka n'koyamba kuiyesa pa sinowo wochuluka chonchi. Vuto ndi loti ikangoyenda pang'ono, chipaipi chotulukira sinowo chija chikutsekeka. Iwo akumazimitsa injini n'kupisamo dzanja kuti achotse. Ndawaletsa, koma akuti injini ikazima palibe chingachitike, komanso avala magolovesi okhuthala. Ine mtima suli m'malo. Inu amene mumazidziwa, kodi akunena zoona? Nanga tingatani kuti isamatsekeke? Mawa 6 koloko m'mawa ndikuyenera kukhala ndili ku ntchito, galimoto ili m'galaja.

Makanika_Elkhart
Mayi, musamalize kuwerenga. Tulukani mukawauze asiye pompano. Zina ndikufotokozerani mukabwerako.

Kachere_MN
Eetu, thamangani achemwali. Dzanja ayi.

NaPhiri_SB
Ndawaitana, alowa. Ali pompano, tikuwerengera limodzi. Akuti mufotokoze bwino, amve chifukwa chake.

Makanika_Elkhart
Zikomo achimwene pomvera mayi. Ndakonza makina amenewa kwa zaka zambiri, ndiye ndimvereni. Snowblower zikuluzikulu zimene ambiri timagula kuno ndi za two-stage. Kutsogolo kuli chitsulo chopotana chija mumachionachi, auger, chimene chimakokera sinowo pakati. Kuseri kwake, komwe diso silifika, kuli chinanso cha mapiko, impeller. Chimenecho chimazungulira maulendo oposa 1,000 pa mphindi imodzi, ndipo ndi chimene chimaponya sinowo kudzera mu chute, chipaipi chotulukira chija. Mukapisa dzanja mu chute, nsonga za zala zimakathera pa mapiko amenewo ndendende.

Tsono pali ziwiri. Choyamba, mukasiya chogwirira kapena kuzimitsa injini, impeller siima nthawi yomweyo. Imapitirira kwa masekondi angapo mwakachetechete, inu mukuganiza kuti zonse zaima poti phokoso latha. Chachiwiri ndiye chimene anthu sakhulupirira. Sinowo akatseka, lamba amakhala atakokeka kale, zitsulo zili zokakamira, mphamvu ija ili chimangikire. Mukangochotsa chimene chatsekacho, impeller imadumpha, mwina theka chabe la kuzungulira. Theka limenelo ndi lokwana kuphwanya zala zitatu, injini ili chizimire. Magolovesi satchinga kanthu. Amakodwa pa chitsulo n'kukokera dzanja mkati.

Chitani chonchi: siyani zogwirira zonse, zimitsani, zulani kiyi, dikirani masekondi 10, kenako chotsani ndi kamtengo. Makina ambiri amabwera ndi kafosholo ka pulasitiki komangirira pamwamba pa auger. Ngati mwini wakale anakataya, mpini wa tsache ukwanira. Palibe amapisa dzanja m'chigayo chifukwa choti magetsi azima. Apanso ndi chimodzimodzi.

Dedza_Boy
Madala, mukuwaopseza anthuwa. Ine ndakhala ku Michigan zaka zambiri, ndimachotsa ndi dzanja ndikazimitsa, zala zanga zonse zilipo. Bola kudikira pang'ono basi.

NamwinoUsiku
@Dedza_Boy zala zanu zilipo, tikuthokoza Mulungu, koma musaphunzitse ena zimenezo. Ine ndimagwira ntchito usiku ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Sinowo wonyowa akagwa timadziwiratu kuti kubwera a manja. Ambiri ndi azibambo, ndi dzanja lomwe amalembera, ndipo chala chapakati ndi chimene chimayamba kugundidwa poti ndi chachitali. Pafupifupi onse amalowa akunena mawu amodzi: ndinali nditazimitsa. Ambiri si achilendo pa makinawa, ndi anthu oti awagwiritsa ntchito zaka ndi zaka.

Ndinaona bambo wina atakulunga dzanja m'thaulo la kukhitchini, golovesi ili chivalire. Titaidula ndi sizasi, nsonga ziwiri za zala zinatsalira mkati mwa golovesiyo. Anthu amaganiza kuti madokotala angosoka. Mpeni umadula mosalala, koma impeller imaphwanya fupa, mitsempha ndi mnofu pamodzi, ndiye nthawi zambiri palibe chobwezeretsa. Ganizirani ntchito zimene ambiri a ife timagwira kuno, kunyamula odwala, mufakitale, kuyendetsa mathiraki. Zonsezo ndi manja.

Zitachitika, Mulungu atiteteze, finyani bala ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, imbani 911. Chidutswa cha chala chikulungeni m'kansalu konyowa, muike m'jumbo yotseka bwino, jumboyo muike m'madzi a ayezi. Musachiike pa ayezi kapena pa sinowo mwachindunji, chimaonongeka.

Dedza_Boy
Ndamva asisi. Koma kamtengoko sikafika m'makona, sinowo amagwira ngati simenti mmenemo.

Makanika_Elkhart
Kakalephera kamtengo, lowetsani makina m'galaja ali ozima asungunuke okha, kapena thiranimo madzi ofunda. Mwataya theka la ola basi.

Chitedze_YYC
A Dedza_Boy, okonda hockey amakumbukira Joe Sakic, amene anali kaputeni wa timu ya Colorado Avalanche. Mu December 2008 anathyoka zala zitatu ndi snowblower kunyumba kwake. Munthu wobadwira ku Canada, wa manja achangu kuposa tonsefe pano. Ndiye nkhani si kuchenjera kapena kuzolowera.

NaPhiri_SB
Bambo akuti amva, ndipo apeza mpini wa mopu. Tsopano funso lachiwiri lija, n'chifukwa chiyani ikutsekeka pafupipafupi?

Makanika_Elkhart
Kawirikawiri ndi kuthamangitsa. Injini ikhale pa mphamvu yonse, koma giya ikhale yoyamba kapena yachiwiri. Musadye sinowo ndi kamwa lonse la makina, tengani theka, mubwerezenso. Musamaime impeller ili ndi sinowo, muzidikira itulutse yense musanasiye chogwirira, chifukwa wotsalayo ndi amene amauma n'kutseka. Musanayambe, poperani silicone spray mu chute ndi pa mapiko. Ngati mulibe, mafuta ophikira opopera aja amathandizako. Ikapitiriza kuponya pafupi, mofooka, ndiye kuti lamba watha kapena wakhwepa, ndipo pa makina akale zimenezi n'zosadabwitsa.

Chinanso, musadikire kuti aleke kugwa. Sinowo wa kwanu kuno ndi wa nyanja. Mphepo yozizira ikawomba kuchokera kumpoto chakumadzulo, imadutsa pamwamba pa Lake Michigan madzi asanaundane, imatola chinyezi, n'kudzakhuthula pa LaPorte, South Bend mpaka kuno. Amagwa m'mizere yopapatiza, moti kwanu kutha kukwiririka pomwe mtunda pang'ono dzuwa likuwala. Mzere ukakhazikika pamwamba panu, mainchesi 2 kapena 3 pa ola si chachilendo. Chotsani usiku uno musanagone, mudzachotsenso m'mamawa. Kawiri kopepuka kuposa kamodzi kolemetsa.

MkuluWaMpingo
Ana anga, ine zimakina zimenezi sindizifuna n'komwe. Fosholo siidula chala, siifuna petulo, siifa. Chipale chofewa chikagwa ndimadzuka m'mamawa, ndimachotsa ndekha, thukuta limatuluka, thupi limakhala lamphamvu. Tinakula ndi khasu ife. Aneba anga okalamba amasimba za chimphepo cha January 1978, pamene South Bend inakwiririka pafupifupi mita yathunthu, ndipo ambiri anafukula nyumba zawo ndi mafosholo omwewa.

NamwinoUsiku
Ababa, ndi ulemu wonse, inuyo ndi amene ndikukuderani nkhawa kwambiri pagulu pano. Fosholo siidula chala, koma imaimitsa mtima. Fosholo imodzi ya sinowo wonyowa imalemera makilo 7 kapena kuposa. Munthu akamanyamula kakhumi pa mphindi, m'mphindi 10 zokha wasenza makilo mazanamazana, ndi manja, atawerama, akubanika mpweya ponyamula. Pamwamba pa izo, kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi, BP imakwera. Kumunda mumalima thupi litazolowera nyengo yonse, kunja kukutentha. Kuno munthu amakhala miyezi ali pa mpando ndi m'galimoto, kenako tsiku limodzi m'mamawa, atangodzuka, akufuna amalize driveway yonse, kanjira ka galimoto kolowera pakhomo kaja, asanapite ku ntchito. Bungwe la American Heart Association limachenjeza za zimenezi chaka chilichonse. Ku Quebec anafufuza zolemba za zipatala za zaka zoposa 30, n'kupeza kuti tsiku lotsatira sinowo wambiri, azibambo ogonekedwa ndi omwalira ndi mtima amachuluka.

Chimene chimandipweteka ndi choti anthu athu amabisa. Pachifuwa pakamalemera amati ndi chilungulira, amamwa soda n'kukagona. Ena amaopa bilu ya ambulansi. Mukamva kuthina pachifuwa, kupweteka kotsikira ku mkono kapena kukwera ku chibwano, thukuta lozizira, nseru, befu wosadziwika bwino, ikani fosholo pansi, imbani 911. Musayendetse nokha galimoto. Ngati muli ndi BP, shuga, kapena munadwalapo mtima, fosholo apatseni achinyamata.

MkuluWaMpingo
BP ndili nayo, koma ndimamwa mankhwala mokhulupirika, mwana wanga.

NamwinoUsiku
Pitirizani kumwa, ababa, koma mufunsenso adokotala anu ngati akukulolani fosholo. Akakulolani, muzikankha osati kunyamula, pang'onopang'ono, mukupumira. Osayamba mutangodya nsima kapena mutangodzuka.

Dedza_Boy
Apa ndiye ndikugwirizana ndi asisi. Ankolo, anyamata tilipo, ingoimbani. Mumatiyendera tikadwala, ifenso tibwere.

WaKuChipata
Moni kuchokera ku Winnipeg. Kuno wathu nthawi zambiri ndi wouma, wopepuka, snowblower siitsekeka kawirikawiri. Mdani wathu ndi kuzizira. Mphepo ikafikitsa pa -28 Celsius kutsika mmunsi, khungu losaphimba limatha kuuma m'mphindi 10 mpaka 30. Makutu, mphuno ndi zala ndi zimene zimayamba. Pakhungu lathu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, ndiye musadalire maso. Mukaona kuti chala chachita dzanzi, chalimba, lowani m'nyumba. Chiviikeni m'madzi ofunda, osati otentha, ndipo musachitikite kapena kuchiwotcha pa heater poti simungamve kuti mukupsa. Komanso sikafu yolendewera pafupi ndi auger ayi, ilowetseni mkati mwa jekete.

Mlamu_Leeds
Pepani ndifunse, ine wa ku UK. Bwanji osangodikira asungunuke, kapena a khonsolo abwere? Kuno ngakhale pa chimphepo cha sinowo chija cha Beast from the East mu 2018 tinangokhala m'nyumba masiku ochepa, zinatha zokha.

Kachere_MN
Alamu, kuno mukadikira asungunuke mudikira mpaka March. Mukamusiya tsiku limodzi, anthu akapondaponda, amasanduka ayezi woti ndi fosholo simungamuthe. Komanso ndi lamulo. Ku Minneapolis, nyumba ya banja limodzi kapena awiri muli ndi maola 24 sinowo akaleka kuti muchotse pa sidewalk, kanjira ka oyenda pansi ka kutsogolo kwanu. Mukapanda kutero, mzinda umatumiza anthu kudzachotsa, bilu n'kubwera kwa inu. A mzinda amakankha msewu wokha. Ndiye pali snow emergency. Akalengeza, kwa masiku atatu pamakhala dongosolo la mbali ya msewu yoimikako galimoto. Mukaphonya, mudzapeza galimoto palibe, aikoka. Alendo ambiri amagwa pamenepa chaka choyamba. Amene mwangofika kumene, lembetsani kuti mzinda uzikutumizirani uthenga pafoni.

Chitedze_YYC
Calgary ndi maola 24 omwewo. Ku Toronto ndi 12. Ochita lendi, werengani pepala la mgwirizano wanu. Eninyumba ena amalembamo kuti sinowo ndi udindo wanu, ndipo ambiri timasaina osaona.

Nyanja_Chi
Kuno ku Chicago, akagwa masana muchotse pofika 10 koloko usiku, akagwa usiku muchotse pofika 10 koloko m'mawa. Koma nkhondo yeniyeni ndi ya malo oimika galimoto. Munthu akafukula malo mumsewu amaikapo mpando, kuti akapita ku ntchito wina asaimikepo. Amati dibs. Ine ndimaikapo, ndipo sindiona cholakwika. Ndafukula ndekha ndi msana wanga.

Kachere_MN
Msewu ndi wa aliyense, achimwene. Nanga namwino wobwera kudzaona wodwala pa nyumba yoyandikana nanu akaimike kuti?

Nyanja_Chi
Nanga ine wochokera ku shifiti ya maola 12, pakati pa usiku, ndizizungulira kufuna malo pomwe amene ndinafukula wakhalapo munthu amene sanagwire fosholo? Ku Boston mzinda umalola maola 48 snow emergency ikatha. Ndiye kuti nzeru ilipo.

Kachere_MN
Maola 48 ndingamve. Koma ena mpando umakhala mpaka Isitala.

MaiAwiri_Indy
Inu mukukangana za mipando, ine ufa watha. Alipo akudziwa sitolo yomwe yatsegula lero? Ana akana mpunga.

Dedza_Boy
Mayi, lero musatuluke chifukwa cha ufa. Cornmeal woyera wosalala uja ngati muli naye amaphikika, mungosefa kaye.

MaiAwiri_Indy
Ameneyo nsima yake imakhala ya mchenga. Koma chabwino, tipirira.

WaKuChipata
Sakanizani ndi semolina pang'ono, imagwirana bwino.

KuBuffalo716
Mawu a Dedza_Boy akuti musatuluke chifukwa cha ufa andikhudza, ndiye ndiloleni ndibwerere ku nkhani. Ine ndinali muno mu Buffalo mu December 2022. Chimphepo chinayamba pa 23 December m'mawa, ndipo kwa tsiku ndi theka sunkatha kuona nyumba ya tsidya la msewu. Ku bwalo la ndege anayeza mainchesi oposa 50. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, mu November, ku Orchard Park kunagwa pafupifupi mamita 2, koma anthu ambiri anapulumuka, ndiye ena anaona ngati izinso zidutsa chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali mphepo ndi kuzizira. Anthu oposa 40 anamwalira m'dera lino. Ena anapezeka m'magalimoto, ena mumsewu atakwiririka, ena m'nyumba zopanda moto magetsi atazima, ena mtima unaima akufosholo. Ena anadwala ambulansi n'kulephera kufika. Mmodzi mwa omwalirawo anali mnyamata wochokera ku Congo amene anatuluka kukafuna zofunika za pakhomo. Akaletsa kuyendetsa magalimoto, mverani, ngakhale abwana akuimbireni.

Koma chimene ndikufuna a NaPhiri achite usiku uno ndi ichi. Zungulirani nyumba, mupeze mapaipi otulutsa utsi wa furnace (chotenthetsera nyumba) ndi wa chotenthetsera madzi. Nyumba zambiri za masiku ano mapaipiwa ndi apulasitiki oyera, amatulukira m'mbali mwa khoma, m'munsi. Sinowo akawatseka, mpweya wa carbon monoxide utha kubwerera m'nyumba. Ku Lockport, pafupi ndi kuno, munthu anamwalira chonchi pa chimphepo chomwecho. Mpweyawu sununkha, suoneka. Mutu umapweteka, chizungulire, nseru, kufooka, ngati chimfine chopanda kutentha thupi. Mukaona kuti nyumba yonse mwadwala nthawi imodzi, tulukani kaye panja, muimbe muli kunja. Fukulani mapaipiwo ndi manja kapena tsache, pamodzi ndi mita ya gasi, ndipo poponya sinowo ndi makina musalozetse kumeneko.

Galimotonso chimodzimodzi. Musalize injini musanafukule paipi ya utsi kumbuyo, makamaka ana ali mkati akuwotha inu mukufukula. Mukatitimira panjira, khalani m'galimoto, muzilizako mphindi 10 pa ola lililonse, windo lotsegula pang'ono, ndipo muzituluka kukaona ngati paipi sinatsekeke.

Zomba_Plateau
Ine ndangofika chaka chino, ndili pasukulu. Magetsi akazima ndimaganiza zolowetsa kambaula ka braai m'khitchini, makala ndili nawo. Ndikatsegula windo pang'ono si bwino?

KuBuffalo716
Ayi mng'ono wanga, ayi ndithu. Windo silikwanira.

NamwinoUsiku
@Zomba_Plateau kwathu komwe, mwezi wa June kukazizira, timamva za mabanja opezeka atafa m'mawa chifukwa chogona ndi mbaula m'nyumba. Mpweya wake ndi womwewu. Ndipo nyumba za kuno ndi zomata kwambiri, zilibe mipata ya kudenga yotulukira utsi. Makala ayi, uvuni wa gasi wotsegula chitseko ayi, jenereta m'galaja ayi ngakhale chitseko chili chotsegula. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa nyumba, utsi ukuloza kwina. Magetsi akazima, sonkhanani m'chipinda chimodzi, valani zovala zingapo, tsekani pansi pa chitseko ndi thaulo. Kukafika povuta, mizinda imatsegula malo owothera, ndipo m'madera ambiri mukaimba 211 amakuuzani komwe ali. Kodi alamu ya carbon monoxide muli nayo? Ndi yosiyana ndi ya utsi, ngakhale zina zimagwira zonse ziwiri.

Zomba_Plateau
Pali kena koyera kudenga, koma sindikudziwa kuti ndi ka chiyani.

Chitedze_YYC
Jambulani kumbuyo kwake mutumize. Pamalembedwa, pamodzi ndi chaka chomwe kanapangidwa. Timakhala ndi malire a zaka timeneti, tikakalamba sitimvanso. Safunsa anadya phula, mwachita bwino kufunsa.

Makanika_Elkhart
Snowblower nayo ndi injini ya petulo, musailizire m'galaja kuti itenthe. Ikankhireni panja kaye. Petulo thirani ili yozima, itazirala, muli panja.

NaPhiri_SB
A KuBuffalo716, Mulungu akudalitseni. Tapita kuseri, paipi imodzi inali itatsala pang'ono kukwiririka, chifukwa mphepo yaunjika sinowo mbali imeneyo. Tafukula. Makina anayamba kuyenda bwino pa giya yoyamba, koma kenako panamveka kuti kha! Tsopano mbali imodzi ya auger ikuzungulira, inayo yangoima. Tayang'ana titazimitsa, mwakulungika chingwe cha magetsi a Khrisimasi. Kodi yafa?

Makanika_Elkhart
Siinafe mayi, yadziteteza. Chathyoka ndi shear pin, kabawuti komangirira auger ku shafiti. Anakapanga dala kuti kazithyoka makina akameza chinthu cholimba, kuti gearbox isaphwanyike. Zulani kiyi ndi waya wa pulagi musanagwire chilichonse. Chingwecho dulani ndi pulayala, muzikoka ndi pulayala yomweyo, osati ndi zala. Kenako zungulizani auger mpaka mabowo ayang'anizane, gogodani chotsalira chituluke, lowetsani pin yatsopano. Yang'anani pansi pa zogwirira kapena m'kabokosi ka pamakinapo, ambiri amasungapo zapadera.

Dedza_Boy
Ngati palibe, bawuti wamba wa saizi yomweyo amalowa. Amalimba kuposa ma pin amenewo.

Makanika_Elkhart
Kulimbako ndiye vuto lake, achimwene. Bawuti akakana kuthyoka, chimathyoka ndi gearbox. Pin ndi ya madola ochepa, gearbox ndi ya mazana, mwinanso kuposa mtengo umene anagulira makinawo. Ndipo pin ya mtundu wina siilowa pa makina a mtundu wina, muone nambala ya model.

Kwa nonse, sinowo asanagwe muzichotsa zonse pa driveway: zingwe, mphasa za pakhomo, unyolo wa galu, nyuzipepala. Nyuzipepala youndana imatseka auger kuposa mwala. Ngati panu ndi pa miyala, tsitsani timapazi ta m'mbali tija kuti kamwa la makina likwere, apo ayi muziponya miyala pa mawindo a aneba. Ndipo zogwirira zija musazimange ndi chingwe kuti manja apume. Anaziika kuti mukaterereka n'kugwa, makina aime okha.

Kachere_MN
Ndipo konzekerani mtima, a NaPhiri. Mukamaliza bwinobwino, chigalimoto chokankha sinowo chidutsa usiku n'kukutsekerani pakhomo ndi chimulu cholimba, chosakanikira mchere ndi ayezi. Chimenecho ndiye chimathyola misana ndi ma pin. Dzukani msanga, muchichotse chisanaume. Mukaima pa driveway kuyang'ana kumsewu, chigalimotocho chimachokera kumanzere kwanu, ndiye sinowo wanu muziunjika kumanja. Mukalambulanso kadanga kumanzereko m'mbali mwa msewu, chimakhuthulira mmenemo chisanafike pakhomo panu. Kuponyera mumsewu n'koletsedwa m'mizinda yambiri.

MaiAwiri_Indy
Za zimuluzi ndiwonjezere. Ana amakonda kukumba mapanga m'zimulu za m'mbali mwa msewu. Woyendetsa chigalimoto sangawaone, ndipo phanga likagumuka mwana sangadzitulutse. Anga ndawauza kuti azisewera kuseri kwa nyumba basi, ndipo makina akamalira onse m'nyumba.

Nyanja_Chi
Nanga mchere? Ndathira thumba lonse pa masitepe koma ayezi ali gwa.

WaKuChipata
Mchere wamba umafooka kukazizira kupitirira -9, kapena 15 pa Fahrenheit. Kukafika pamenepo mufunika calcium chloride, amene amagwirabe ntchito mpaka cha m'ma -25 ndi kupitirira. Kuchulutsa sikuthandiza, kumangodya simenti, kuwotcha kapinga ndi mapazi a agalu. Chotsani sinowo kaye, mchere uwazidwe mopyapyala pambuyo. Kuno kukazizira kwambiri timangothira mchenga kuti phazi ligwire.

NamwinoUsiku
A NaPhiri, za ku ntchito mawa. Imbani usiku uno, musadikire m'mawa. Malo ambiri osamalira odwala amakhala ndi dongosolo la nyengo ngati ino, ena amagoneka antchito komweko, ena amasinthitsa mashifiti. Ife ogwira usiku timadziwa kuti tikhoza kutsalira mpaka wotilandira afike, ndipo palibe amene amafuna mnzake agwere m'ngalande pothamangira kudzamumasula. Muonenso ngati county yanu yalengeza travel advisory, chenjezo la za maulendo a pamsewu. Ku Indiana ili ndi magawo atatu, yachikasu, ya olenji ndi yofiira. Ikafika pofiira, msewu ndi wa ogwira ntchito zadzidzidzi okha, ndiye mufunse abwana anu ngati inu muli m'gulu limenelo.

NaPhiri_SB
Ndaimba, akuti ndikafike 9 koloko, mnzanga wa usiku wavomera kudikira. Pin yapadera sitinaipeze pamakinapo.

Mishawaka_Ankolo
Ndinali kuntchito, ndangowerenga zonse tsopano. Tumizani chithunzi cha kapepala ka model ku inbox, ndili ndi ma pin a mitundu iwiri m'galaja. Ikagwirizana ndibweretsa m'mamawa misewu ikakankhidwa. Ikapanda kugwirizana ndikweza snowblower yanga pa thiraki. A Dedza_Boy, mukhale okonzeka cha m'ma 7 ndi fosholo yanu, tikachoka kwa a Phiri tidzera kwa a MkuluWaMpingo. Pa kona pawo pali fire hydrant, mpope wa ozimitsa moto uja, tikaifukulenso mita imodzi kuzungulira.

MkuluWaMpingo
Bwerani ana anga. Amayi anu akuti tiyi mumupeza pamoto, ndipo fosholo yanga aitsekera kuchipinda.

Dedza_Boy
7 koloko ndili pa msewu. Zomba_Plateau, tumiza adiresi ku inbox, ndili ndi alamu ya carbon monoxide ya mabatire yomwe sindinatsegule, tikusiyira podutsa.